Damu lina labiriwira, lina lakana: vuto ndi manyowa kapena kuwala?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ku Chingale kuli madamu awiri oyandikana, lililonse mamita 20 mulitali ndi 10 mulifupi, onse a makumba. Akulandira zitosi za nkhuku zofanana sabata ndi sabata. Limodzi madzi ake anabiriwira kalekale, linalo ndi lofiira chifiirire. Eni ake akuti awirikize kawiri manyowa m'damu lofiiralo. Zithandiza?

Che Saidi: Asayerekeze kaye, achemwali. Manyowa ochuluka m'madzi amatope sabiriwitsa kanthu, amangokawolera pansi n'kumadya mpweya umene nsomba zikanapuma. Kubiriwira kuja ndi tindere tating'onoting'ono toyandama, phytoplankton, ndipo ndi zomera ndithu. Zimafuna kuwala, michere, mpweya wa kaboni ndi kutentha koyenera. Chimodzi chikaperewera, zinazo ngakhale zichuluke bwanji palibe chimene chichitike. M'madzi ofiira chopereweracho ndi kuwala. Kuthiramo manyowa ena kuli ngati kuthira yuleya chimanga chimene chadzalidwa pansi pa mtengo wa mango.

Mukawafunse zitatu izi: madzi a damu lofiiralo amachokera kuti? Paipi yotulutsira madzi imangothira usana ndi usiku kapena ndi yotseka? Nanga mulibe milamba?

Chisomo: Lofiiralo ndi limene lili kumtunda, ngalande imayamba yadutsa m'menemo. Paipi yake imathira nthawi zonse, akuti kuti nsomba zizimwa madzi abwino. Za milamba ndifunsa.

Che Saidi: Basi, mavuto ndi awiri pamenepo. Loyamba, ngalande ikubweretsa dothi la katondo la m'minda ya kumtunda, ndipo damu loyambalo ndi limene likulandira matope onse. Lachiwiri ndi paipiyo. Zinthu zikakhala bwino phytoplankton imawirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Madzi akamasinthika mofulumira kuposa pamenepo, ndere zimakokoloka zisanachulukane, pamodzi ndi michere ya m'zitosi muja. Damu la makumba silifuna madzi oyenda. Amangowonjezera amene atha ndi dzuwa kapena kulowa pansi, n'kutsekanso. Ndipo damu lililonse likhale ndi polowera madzi pakepake kuchokera ku ngalande, osati lina kumamwa zotuluka mwa linzake.

aMbewe: Ndionjezere za kuyeza, chifukwa maso okha amanyenga. Chida chake ndi Secchi disc, chotchedwa ndi dzina la Angelo Secchi amene anachigwiritsa ntchito pa nyanja ya Mediterranean mu 1865. Chopanga nokha: dulani chivundikiro cha ndowa ya pulasitiki chikhale chozungulira masentimita 20 kupingasa, chigaweni panayi, zigawo ziwiri zoyang'anizana mupake penti yakuda, ziwirizo yoyera. Boolani pakati, lowetsani chingwe chosatamuka, pansi mumangirire mwala kapena chitsulo kuti chizimira chogona. Chingwecho muchilembe masentimita 5 aliwonse. Ndodo ndiyo yabwino koposa chingwe, sipendekeka.

Kayezedwe: pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, dzuwa lili kumbuyo kwanu, musanalowe m'madzi n'kuvundula. Mizani mpaka chisowe, lembani. Kwezani pang'onopang'ono mpaka chionekenso, lembani. Phatikizani manambala awiriwo n'kugawa pawiri.

Masentimita 30 mpaka 45, madzi ali obiriwira, ndiye pabwino. Kupitirira 60 ndiye kuti damu lili ndi njala ndipo udzu wa pansi uyamba kumera chifukwa dzuwa likufika pamatope. Kuchepera 20 ndi ngozi, siyani manyowa.

Mayi Nanyoni: Kwa mlimi amene alibe penti, mkono ulipo. Amize mkono mpaka pachigongono, chikhatho chopinda chikuyang'ana kumwamba. Chikhatho chikamaoneka mwa chizimezime pamenepo, zili bwino. Chikasowa madzi asanafike pakati pa mkono, ndere zanyanya. Chikamaoneka mbee mpaka mizere ya m'manja, athire manyowa.

Koma aMbewe, muwauze kuti disiki siisiyanitsa matope ndi ndere. Damu lofiira lija likhoza kupereka 15 ngati lobiriwira kwambiri, munthu n'kuganiza kuti chakudya chadzaza.

aMbewe: Zoona mayi. Nambala ya Secchi imangonena pamene kuwala kwalekezera, sinena chimene chakutchinga. Kusiyanitsa n'kosavuta. Tungani madzi m'botolo loonekera mkati, sefani pa kansalu koyera kopinda kanayi. Chotsalira chikakhala chobiriwira ndi choterera ndi ndere, chikakhala chofiira ndi chokhakhala pa zala ndi dothi. Botolo lina lisiyeni pamthunzi usiku wonse. Mchenga ndi dothi lolemera zidikha, koma dongo losalala limakhalabe loyandama ngakhale masiku apite, chifukwa tizidutswa take n'tochepetsetsa ndipo timakankhana tokhatokha m'malo mogwirana.

Chofunika kudziwa n'chakuti ndere zimapanga chakudya chopitirira chimene zikudya mpaka pamene kuwala kwatsala gawo limodzi pa 100 la kumene kwagwa pamwamba. Malire amenewo amakhala pafupifupi kawiri kapena kawiri ndi theka pa nambala ya Secchi. Disiki ikasowa pa masentimita 35, madzi ogwira ntchito ndi masentimita 70 mpaka 90, pafupifupi damu lonse. Ikasowa pa 12, ndi masentimita 25 kapena 30 okha apamwamba. Madzi onse otsala pansipo ali mumdima, zamoyo zili m'menemo zikungodya okosijeni osabweza.

Bambo Namalomba: Ine ndikufunseni anthu a madamu inu. Nyanja ya Chilwa madzi ake ndi amatope kuposa damu lililonse. Ku doko la Kachulu mukamiza dzanja zala zimasowa nthawi yomweyo. Koma matemba, makumba ndi milamba zimatuluka m'menemo zodyetsa Zomba, Phalombe, Machinga mpaka Limbe. Ngati matope amapha chakudya cha nsomba, za ku Chilwa zimadya chiyani?

aMbewe: Funso lolemera limenelo bambo. Chilwa ili ndi zinthu zimene damu lilibe. Ndi yosaya kwambiri, malo ambiri mita imodzi kapena awiri, koma ndi yotambalala, ndiye mphepo imatembenuza madzi kuyambira pansi mpaka pamwamba tsiku ndi tsiku. Kandere kamene kali pansi mumdima pano, pakapita kanthawi kafika pamwamba n'kulandira dzuwa. Ndere zimene zimapambana m'madzi otere ndi za gulu la cyanobacteria, mabakiteriya okhala ngati ndere, monga Oscillatoria ndi Anabaena, zimene zimapirira kuwala kochepa ndipo zili ndi timatumba tampweya totha kuziyandamitsa.

Michere ndiye siisowa. Chilwa ilibe mtsinje wotulukira. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani zimangothiramo, madzi n'kumachoka ndi dzuwa, zimene zabwera nawo n'kumatsala. Choncho pakati pa nyanjayo chimene chimachepetsa ndere ndi kuwala, osati chakudya.

Komanso chakudya chambiri cha nsomba za ku Chilwa sichichokera ku phytoplankton yokha. Dambo lalikulu la njedza lozungulira nyanja lija limapanga zomera zochuluka zedi. Njedza zikafa zimawola, mabakiteriya n'kuzigwira, tizilombo tam'madzi n'kudya mabakiteriyawo ndi zinyenyeswazo, matemba n'kudya tizilomboto. Pa mapesi a njedza pamameranso ndere zomatirira, m'madzi a m'dambo amene amakhala oyererapo chifukwa mphepo siifikamo. Damu la mamita 20 lilibe dambo lotero, ndipo mphepo siilitembenuza mokwanira.

Bambo Namalomba: N'zogwirizana ndi zimene asodzi amadziwa. Nyanja ikaphwa n'kudzadzanso, monga zinachitikira itauma mu 1968 ndi mu 1995, pakapita zaka zochepa matemba amabwera ambiri. Matope aja akauma n'kung'aluka, ng'ombe n'kudyerapo, udzu n'kumera, madzi akabwerera zonsezo zimasanduka manyowa. Koma ikamaphwa madzi amasanduka amchere ndi oterera, nsomba n'kuthawira m'mitsinje ndi m'maiwe a m'dambo. N'chifukwa chake kupha nsomba m'matsiriro a mitsinje nthawi ya chilala n'kudya mbewu.

Mayi Nanyoni: Tibwerere ku damu lofiira la ku Chingale lija lisanaiwalike. Chochita n'chiyani ndi matope amene alowa kale?

Che Saidi: Ayambe ndi gwero, apo ayi angotaya ndalama. Atseke paipi. Akumbe kadzenje pangalande madzi asanalowe, kakuya mita imodzi, kuti matope azidikha m'menemo, ndipo azikakokolola kakadzaza. Kumtunda kwa damu akumbe ngalande yopatutsa madzi a mvula. Pa makoma adzale kapinga, kumtunda vetiva. Mbuzi ndi ng'ombe zisamatsikire m'damu. Ngati muli milamba ikuluikulu aichotse, imafukula pansi usiku wonse.

Madzi akakhala phee sabata imodzi koma osayera, ndi dongo losalala limene aMbewe anena. Njira yotchipa ndi udzu wouma kapena mapesi m'khola la kompositi pa ngodya ya damu, pamodzi ndi manyowa pang'ono. Zikamawola zimathandiza tizidutswa ta dongo kugwirana n'kumira. Koma pang'onopang'ono, chifukwa kuwola nakonso kumadya mpweya.

Njira yachangu ndi gypsum, ufa woyera wa mwala wokhala ndi kashiyamu, kwa amene angampeze. Osangothira mongoganiza. Tungani ndowa zitatu za malita 20 m'damu momwemo. Yoyamba thirani magalamu 2, yachiwiri 4, yachitatu 6, takasani, siyani usiku. Ndiye kuti mwayesa mamiligalamu 100, 200 ndi 300 pa lita. Sankhani mlingo wochepetsetsa umene wayeretsa madzi. Damu la 20 ndi 10, lakuya masentimita 80 mukaphatikiza kosaya ndi kozama, lili ndi malita 160,000. Ngati yagwira ndi ndowa yachiwiri, pafunika makilogalamu 32. Mwaona chifukwa chake ndikuti ayambe ndi kapinga.

Chisomo: Nanga alamu amene amayeretsera madzi akumwa?

aMbewe: Amagwira ndi mlingo wochepa, mamiligalamu 15 mpaka 25 pa lita, koma amagwetsa pH, muyeso wa asidi m'madzi umene nambala yake ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka. M'madzi otsika m'phiri la Zomba, amene kawirikawiri alibe laimu wokwanira, kugwa kumeneko kukhoza kupha nsomba tsiku lomwelo. Amamanganso fosifolasi, chakudya china cha ndere, n'kumira naye. Kwa mlimi amene alibe choyezera pH, ayi.

Ndipo poti tatchula laimu, ichi ndi chifukwa china chimene damu limakanira kubiriwira ngakhale madzi ali oyera ndiponso manyowa akuthiridwa. Ndere zimamanga thupi lake ndi kaboni. Masana zikamaliza kaboni dayokisaidi wosungunuka, zimatapa ku nkhokwe ya bicarbonate, mtundu wina wa kaboni wosungika m'madzi. Nkhokwe imeneyi ndi imene timayeza tikamati alkalinity. Ikakhala pansi pa mamiligalamu 20 pa lita, feteleza sapindula kwenikweni. Ndere zimayamba bwino m'mawa, dzuwa likafika paliwombo kaboni watha, ntchito yaima. Pa nthawi yomweyo pH imalumpha, m'bandakucha ili 6, pofika 3 koloko masana yadutsa 9. Dothi la pansi likakhala la asidi limagwiranso fosifolasi, chifukwa ayironi ndi aluminiyamu za m'katondo zimammanga osamutaya.

Mankhwala ake ndi laimu wa ulimi, woperapera uja, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita. Pa damu la masikweya mita 200 ndi makilogalamu 20 mpaka 40. Nthawi yabwino ndi pamene damu laphwetsedwa mutakolola, kuwaza pa matope onyowa. Laimu wootcha wopakira nyumba musamuthire muli nsomba, amakweza pH kupitirira 11. Ndipo laimu ndi feteleza wa fosifeti zisalowe tsiku limodzi. Kashiyamu amagwira fosifetiyo n'kukhala naye pansi. Papite masabata awiri.

Mayi Nanyoni: Phulusa la pamoto limathandizako kwa amene laimu wawatalikira, koma mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi laimu ndipo limasungunuka msanga, ndiye azithira pang'onopang'ono, mbale imodzi kapena ziwiri, osati wilibala yonse.

Za mlingo wa manyowa madzi akayera: zitosi za nkhuku zouma, magalamu 25 mpaka 50 pa sikweya mita pa sabata. Pa damu ili ndi makilogalamu 5 mpaka 10. Ndowe za ng'ombe ndi zofooka, zimafunika zochulukirapo, ndipo zambiri ndi udzu wosagayika umene umangodzaza pansi. Zitosi zosakanikirana ndi utuchi wambiri nazo zimanyenga, kulemera kwake ndi utuchiwo. Ndi bwino kugawa mlingo wa sabata katatu kusiyana n'kukhuthula kamodzi, ndipo kuthira kwake m'mawa dzuwa litatuluka, osati madzulo.

Che Saidi: Wofuna feteleza wa m'sitolo, mlingo umene ofufuza anaupeza wopindulitsa pa madamu a tilapia ku Thailand ndi makilogalamu 28 a nayitirojeni ndi 7 a fosifolasi pa hekitala pa sabata. Pa masikweya mita 200 ndi magalamu 560 a nayitirojeni ndi 140 a fosifolasi. Samalani powerenga thumba. Nambala yapakati pa 23:21:0 si fosifolasi weniweni, ndi P2O5, fosifolasi wophatikizana ndi okosijeni, ndipo fosifolasi ndi magawo 44 pa 100 a nambala imeneyo. Ndiye kilogalamu imodzi ya 23:21:0 ili ndi magalamu 92 okha. Pafunika kilogalamu ndi theka, imene ibweretsanso magalamu 345 a nayitirojeni. Otsalawo mukwaniritsa ndi yuleya pafupifupi theka la kilogalamu, popeza yuleya ndi 46 pa 100.

Umenewo ndi mlingo wapamwamba, wa nyengo yotentha, madzi otseka, opanda manyowa ena. Amene akuthiranso zitosi kapena akudyetsa madeya ambiri ayambe ndi theka lake, kenako atsatire disiki.

Cholakwika chachikulu ndi kumwaza feteleza wa mibulu ngati m'munda. Mibulu imamira, fosifolasi n'kugwidwa ndi matope, ndere osamulawa. Sungunulani mu ndowa usiku, m'mawa muwaze madziwo pamwamba pa damu lonse.

aMbewe: Chifukwa chake manambala awiriwo amayenda limodzi: thupi la phytoplankton lili ndi maatomu pafupifupi 106 a kaboni ndi 16 a nayitirojeni pa atomu imodzi ya fosifolasi, muyeso umene umatchedwa ndi dzina la Alfred Redfield. Tikauika pa kulemera, nayitirojeni ndi magalamu 7 pa galamu imodzi ya fosifolasi. Mlingo wa Che Saidi ndi 4 pa 1, fosifolasi wawonjezeredwa dala chifukwa matope amabako. Mukanyanyitsa fosifolasi nayitirojeni n'kuchepa, mwaitana Anabaena ndi anzake, amene amatha kutenga nayitirojeni wa mumlengalenga pamene ndere zabwino zikufa ndi njala.

Chisomo: Nanga damu lobiriwira lija? Eni ake akulinyadira kwambiri, akuti chikhatho chimasowa chikangolowa. Koma akuti m'mawa nsomba zimakhala pamwamba zikuyasama, dzuwa likakwera zimatsika.

Che Saidi: Ndiye limenelo ndi limene lili pangozi, osati lofiiralo. Auzeni lero lomwe asiye manyowa ndi kuchepetsa madeya.

Ndere zomwe zimapanga okosijeni masana zimamudyanso usiku. Dzuwa likalowa kupanga kwaima, koma kupuma sikuima: ndere, mabakiteriya, matope, nsomba, zonse zikudya. M'damu lobiriwira kwambiri nsomba si zimene zimadya wambiri, ndi nderezo. Okosijeni amakwera kufika pachimake cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, n'kutsika usiku wonse mpaka m'bandakucha. Kuyasama kuja ndiye kuti wafika pansi pa mamiligalamu 2 pa lita. Makumba amapirira, safa msanga, koma nsomba imene ikubanika m'mawa uliwonse siidya bwino ndipo siikula. Tsiku limene kudzakhale mitambo masana onse, m'mawa mwake adzazitola zitayandama, ndipo zimayamba kufa ndi zikuluzikulu.

aMbewe: Amene ali ndi mita yoyezera okosijeni akhoza kudziwiratu usiku womwewo. Yezani 6 koloko madzulo, yezaninso 9 koloko usiku, malo omwewo, kuya komweko. Mwachitsanzo mwapeza mamiligalamu 9.0 pa lita kenako 7.2. Watsika 1.8 pa maola atatu, ndiye 0.6 pa ola. Kuchokera 6 koloko madzulo kufika 5 koloko m'mawa ndi maola 11, atsika 6.6, atsala 2.4. Mukaona kuti atsikira pansi pa 2, tsegulani madzi usiku womwewo, azigwa kuchokera pamwamba kuti aziphulika thovu, ndipo otuluka akhale apansi.

Kutentha kumaonjezera vutoli mbali ziwiri. Madzi a madigiri 20 amasunga mamiligalamu 9.1 a okosijeni pa lita, a madigiri 25 amasunga 8.3, a 30 amasunga 7.6. Manambalawa ndi a madzi opanda mchere pamalo otsika ngati kugombe la nyanja yamchere. Kuno ku Zomba, mamita pafupifupi 900 pamwamba, chotsanipo gawo limodzi pa magawo khumi. Pa nthawi yomweyo kupuma kwa zamoyo kumawirikiza pafupifupi kawiri madigiri akakwera ndi 10. N'chifukwa chake Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yoopsa.

Mayi Nanyoni: Muonjezere mvula yoyamba. M'masiku otentha opanda mphepo madzi a m'damu amagawikana, apamwamba ofunda, apansi ozizira opanda mpweya. Mukalowamo masana mumamva kumapazi kuli zii pamene m'chiuno muli motentha. Mvula yamphamvu yozizira ikagwa madzulo, madzi apamwamba amalemera n'kumira, apansi owola aja n'kukwera ndi fungo la dzira lovunda. Damu lonse limasowa mpweya pa ola limodzi. Ena amathamangira kunena kuti wina wathira tameki usiku, mpaka kudana pa mudzi, chonsecho ndi madzi atembenuka. Damu lozama kupitirira mita ndi theka ndi limene limachita izi kwambiri.

Chisomo: Pali njira yoyezera kuti ndere zikupanga chakudya chochuluka bwanji, osati kungoona mtundu?

aMbewe: Ilipo, ndipo ophunzira a sayansi ya zamoyo amaichita ndi zida zochepa. Ndi ya mabotolo owala ndi akuda, imene Gaarder ndi Gran anaigwiritsa ntchito ku Norway mu 1927. Pafunika mabotolo atatu agalasi ofanana, a mamililita 250 kapena 300, okhala ndi zotsekera zosalowa mpweya. Limodzi mulikulunge ndi tepi yakuda kapena pepala la aluminiyamu mpaka ku chotsekera. Onse atatu muwadzaze ndi madzi a kuya kumodzi, ndi kapaipi kofika pansi pa botolo, madzi asefukire kuti pasatsale kathovu. Kathovu kamodzi kamaononga zonse.

Loyamba muliyeze okosijeni nthawi yomweyo, ndi mita kapena njira ya Winkler yoyezera ndi mankhwala. Awiriwo muwamangirire pa ndodo, muwabweze pa kuya komwe munatunga, akhale maola atatu kapena anayi, kuyambira cha m'ma 10 koloko. Tinene kuti loyamba linali ndi mamiligalamu 6.0 pa lita, patatha maola anayi lowala lili 8.4, lakuda 5.2. Lowala kuchotsa loyamba, 2.4, ndi phindu lotsala. Loyamba kuchotsa lakuda, 0.8, ndi zimene zapumidwa. Lowala kuchotsa lakuda, 3.2, ndi zonse zimene zapangidwa, ndiye 0.8 pa ola. Kuti musandutse kukhala kaboni chulukitsani ndi 0.375, chifukwa kaboni amalemera 12 pamene okosijeni amalemera 32. Zikupatsani magalamu 0.3 a kaboni pa kiyubiki mita pa ola.

Zimene zimalakwika: m'madzi obiriwira kwambiri musadutse maola awiri, okosijeni amachuluka n'kupanga thovu m'botolo, nambala n'kuchepa. Botolo lakuda likagona pa dzuwa kunja kwa madzi limatentha, kupuma n'kukwera. Ndipo botolo lakuda limayeza kupuma kwa zonse zili m'madzimo, mabakiteriya ndi tizilombo tomwe, osati ndere zokha.

Mukaika mabotolo pa kuya kosiyanasiyana, masentimita 5, 20, 40 ndi 70, mudzaona chodabwitsa. Masana a dzuwa lamphamvu botolo lapamwamba penipeni kawirikawiri silipambana. Limapambana lapansi pang'ono, chifukwa kuwala kopitirira muyeso kumaononga timakina ta chlorophyll, chobiriwira chija chimene chimagwira kuwala, msanga kuposa mmene kandere kangatikonzere. M'nyanja zoyera kwambiri, kumene ndere n'zochepa moti okosijeni sasintha mooneka, amagwiritsa ntchito kaboni-14, mtundu wa kaboni wotha kuulondola ukalowa m'ndere, njira imene Steemann Nielsen anaibweretsa mu 1952.

Bambo Namalomba: Nyanja ya Malawi ndiye yoyera choncho. Kumeneko vuto ndi lotembenuka eti?

aMbewe: Eya. Pakati pa nyanjayo disiki imaoneka kupitirira mamita 10, kuwala n'kwambiri, koma michere ili pansi. Nyanjayo ndi yozama pafupifupi mamita 700, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe okosijeni, madzi apansiwo sasakanikirana ndi apamwamba. Zonse zakufa zimamira n'kukasungidwa kumeneko. Chimene chimabweza michere ina ndi mwera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala mphepo imeneyi imakankhira madzi ofunda kumpoto, kum'mwera n'kukwera madzi ozizira okhala ndi michere. Ndere za gulu la diatom zimachuluka nthawi imeneyo, tizilombo todya ndere n'kutsatira, usipa n'kupeza chakudya. Ndi chifukwa chimodzi chimene mbali ya ku Mangochi, yosaya, imakhalira ya nsomba zambiri. Pa sitepe iliyonse, kuchoka ku ndere kupita ku tizilombo, kuchoka ku tizilombo kupita ku usipa, chimene chimadutsa ndi pafupifupi gawo limodzi pa khumi. Makumba ndi chambo zimapindulitsa m'damu chifukwa zimadya nderezo mwachindunji, sizidikira sitepe yapakati.

Mayi Nanyoni: Chilunguni, nsomba ina ya m'madamu, ndiye wosiyana, amafuna masamba. Amene ali ndi chilunguni yekha asayembekeze kuti madzi obiriwira amukwanira, azimuponyera masamba a chinangwa, a mbatata ndi nsenjere zanthete.

Chisomo, ukawauzenso ayang'ane mtundu wa kubiriwirako. Kwabwino ndi kofanana damu lonse, ukatunga m'kapu madzi onse ali obiriwira mofanana. Koipa ndi kumene kumayandama pamwamba, n'kukankhidwa ndi mphepo ku ngodya imodzi, kokhala ndi timibulu ndi fungo la nthaka yovunda. Kumeneko ndi cyanobacteria, ndipo mitundu ina monga Microcystis imatulutsa poizoni woononga chiwindi. Ziweto zisamwe, ana asasambemo, ndipo kuwiritsa madzi sikuchotsa poizoniyo. Nsomba za m'madzi otero zimamvekanso matope pozidya. Chipanda chofiira chimene chimabwera masana n'kuchepa madzulo ndi tizamoyo tating'onoting'ono totchedwa Euglena, chizindikiro chakuti zowola zachuluka.

Chisomo: Ena akuti athiremo mankhwala ophera ndere kuti zithe kamodzi.

Che Saidi: Ayi ndithu. Ndere zonsezo zikafa tsiku limodzi zimawola tsiku limodzi, opanga mpweya palibe, odya mpweya achuluka. Zomwezo zimachitika zokha ndere zikafa mwadzidzidzi: madzi obiriwira dzulo, lero asanduka otuwa kapena akuda. Mukaona zimenezo musadyetse, tsegulani madzi. Chipanda chapamwamba achikokolole ndi nsungwi kapena thumba la saka pamene mphepo yachiunjika, akachitaye kutali ndi damu. Asinthe gawo limodzi pa magawo asanu a madzi, otuluka akhale apansi, n'kudikira masiku awiri kapena atatu. Disiki ikabwerera pa 30 ayambirenso manyowa ndi theka la mlingo.

Palinso ammonia, wochokera ku zonyansa za nsomba, manyowa ndi yuleya, amene anthu amamuiwala. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7, gawo lake lapoizoni silifika 1 pa 100. Pa pH 8 ndi 5 pa 100. Pa pH 9 ndi 36 pa 100. Ndiye kuthira yuleya masana m'damu lobiriwira kwambiri, pH ili pamwamba, n'kuika nsomba pa moto.

Bambo Namalomba: Nanga m'nyengo yozizira, chiperoni chikagwira phiri masiku anayi osaona dzuwa?

Che Saidi: Juni ndi Julayi mlingo utsike. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20 makumba amachepetsa kudya, ndere zimakula pang'onopang'ono, manyowa nawo sawola msanga, amangounjikana pansi n'kudzavuta kukayamba kutentha mu Seputembala. Masiku a chiperoni osathira chilichonse, madeya theka, ndipo adyetse masana madzi atafundako. Madzi a mumtsinje wochokera m'phiri asalowe popanda chifukwa, amaziziritsa damu. Nthochi ndi mitengo ya kum'mawa ndi kumpoto kwa damu aisadze, chifukwa miyezi imeneyo dzuwa limadutsira chakumpoto ndipo mthunzi umagwera m'madzi nthawi yaitali. Namasupuni ndi tizomera tina toyandama achotse, timatchinga kuwala n'kulanda michere.

Chisomo: Zikomo akuluakulu. Disiki aziyeza kangati?

Mayi Nanyoni: Kawiri pa sabata, ola lomwelo, munthu yemweyo, ndipo azilemba m'kope pamodzi ndi mtundu wa madzi, manyowa amene athira ndi mmene kunja kunachera. Mu Okutobala ndi Novembala wina azifika pa damu 5 koloko m'mawa dzuwa lisanatuluke.